Khutu la Wophunzira ndi Chingerezi cha Pakamwa: Za Buku la Mai Gillian Brown

M'chaka cha 1977 a Longman a ku London anasindikiza buku lotchedwa Listening to Spoken English, ndiko kunena kumvetsera Chingerezi cholankhulidwa, lolembedwa ndi Mai Gillian Brown, amene pa nthawiyo anali kuphunzitsa pa Yunivesite ya Edinburgh ku Scotland. Bukulo linasindikizidwanso mu 1990 atalikonza ndi kuonjezamo zina. Ngakhale lakhalitsa chotero, funso limene linabala bukuli silinakalambe ai, ndipo ndi ili: nanga bwanji mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira Chingerezi kwao zaka 10 kapena kuposapo, nakhoza mayeso onse olemba, nalandiridwa pa sukulu ya ukachenjede ku Britain, akakhala m'holo kumvetsera phunziro loyamba atulukamo atatola mau owerengeka okha, monga munthu wokunkha m'munda mokolola kale?

Yankho la Mai Brown ndi lakuti wophunzirayo si wopusa ai, ndiponso si waulesi. Iye anaphunzitsidwa kumva Chingerezi chimene eni ake salankhula, kupatula pamene ali kulankhula ndi mlendo kapena ndi munthu wa khutu logontha. Mphunzitsi wake, pomchitira chifundo, ankatchula liu lililonse palokha, mwachifatse, malembo ake onse namveka. Tsono khutu la mwanayo linazolowera kuona mau atabvala za pa Sabata, ndipo pokomana nawo atabvala za kumunda siliwazindikira konse. Apa ndi pamene pagona mutu wa buku lonse, ndipo palibe mphunzitsi wa chilankhulo amene angaukane ataulingalira bwino.

Chimene chinapatsa bukuli mphamvu ndi kumene zitsanzo zake zinachokera. Mlembiyo sanapite kukatola mau m'nyumba zomwera mowa kapena pa msika wa nsomba, pakuti akadatero aphunzitsi akadanena kuti chimenecho nChingerezi cha anthu osaphunzira. Iye anatchera khutu kwa anthu ophunzira bwino olankhula pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema, naonetsa kuti iwonso amameza maliu ena, nasanduliza ena, ndipo sadziwa nkomwe kuti ali kutero. Zitsanzo zili m'munsizi si za m'bukumo, koma nza mtundu womwewo. Mngerezi ponena "next week" kapena "last month" kawirikawiri satchula t wa pakatiyo. Ponena "ten pounds" milomo yake itsekeka msanga kukonzekera p, kotero kuti n amveka ngati m. Timau ting'onoting'ono tomangira chiganizo, monga "and", "of", "to", "was" ndi "have", tifota kufikira titsala kampweya chabe. Ndipo "would have been", amene papepala ali mau atatu, pakamwa atuluka ngati liu limodzi. Koma m'timau tonyozekato ndimo muli nthawi ya mneni, ndimo muli kukana ndi kubvomera. Wophunzira za mankhwala amene sasiyanitsa "can take" ndi "can't take", kapena "fifteen" ndi "fifty", salakwa galamala yokha ai, alakwira wodwala.

Munthu wolankhula Chichewa sayenera kudabwa nazo izi, pakuti chinenero chake chichita zomwezo. Ndani anena "ndi wabwino" pocheza ndi mnzake? Anena "ngwabwino". "Ndi chiani" asanduka "nchiani", "mwana wanga" asanduka "mwananga", ndipo "ali kupita" anafupika kalekale nakhala "akupita". Mzungu amene anaphunzira Chichewa m'buku la galamala, akafika pa bwalo la mfumu asowa pogwira monga momwe asowera wophunzira uja ku Edinburgh. Kusiyana kwake nkwakuti kalembedwe ka Chichewa kamatsata pakamwa pafupi, kalola kuti "nzoona" alembedwe monga amvekera, pamene kalembedwe ka Chingerezi kasunga malembo amene lilime linawataya zaka mazana apitawo.

Gawo lokoma koposa m'buku lonse ndi lonena za kugunda kwa Chingerezi. M'chinenerochi maphatikizo salingana kulemera kwake. Ena atsindikidwa, namveka bwino, natalika. Ena apanikizidwa pakati pa otsindikidwawo, nathamangitsidwa. Zili ngati akazi awiri osinja mu mtondo umodzi: chimene chimveka kutali ndi kugunda kwa misi, ndipo nyimbo iyenera kudzipanikiza kuti ikwane pakati pa kugundako. Mngerezi pomvetsera sayesa kugwira liu lililonse. Agwira maphatikizo otsindikidwa, ndipo zotsalazo azidzaza yekha ndi zimene adziwa kale za chinenero chake. Mlendo ndiye ayesa kugwira zonse, natsalira m'mbuyo. Kutsalirako kuoneka bwino munthu akaona liwiro lake. Tauroza ndi Allison, amene anayeza liwiro la Chingerezi cha ku Britain mu 1990, anapeza kuti phunziro loperekedwa kwa ophunzira achilendo liyenda mau ngati 140 pa mphindi, ndipo macheza wamba apitirira 200. Tsono phunziro la ola limodzi likhala ndi mau oposa 8,000. Ndipo wophunzira amene adziwa mau 19 mwa mau 20 alionse, amene ambiri angamuyese wokhoza, akomana ndi mau achilendo 7 mphindi iliyonse. Akaima kuti alingalire limodzi, chiganizo chotsatira chapita kale, ndipo sichibwerera monga ubwerera mzere wa m'buku.

Kufikira apa bukuli liyenera kuyamikidwa. Koma lili ndi pofooka, ndipo pamodzi pofookapo mpoonekeratu. Chingerezi chimene lifotokoza ndi cha mtundu umodzi, chija chotchedwa Received Pronunciation, chimene kale chinkamveka kwa owerenga nkhani a BBC. Mlembiyo anasankha chimenechi akudziwa, popeza ndicho chinali chitafotokozedwa kwambiri m'mabuku ndi kuphunzitsidwa m'maiko ambiri. Komatu Peter Trudgill anayerekeza m'zaka zomwezo kuti olankhula motero ku Britain anali ngati anthu 3 okha mwa 100. Wophunzira wa ku Edinburgh komweko, akatuluka m'holo, akomana ndi woyendetsa basi wa Chiskoti. Ndipo masiku ano m'holo momwemo mphunzitsi akhoza kukhala wa ku India, wa ku Nigeria, wa ku China kapena wa ku America. Jennifer Jenkins anakumbutsa anthu mu 2000 kuti Chingerezi chochuluka chilankhulidwa pakati pa anthu amene onsewo sichili chinenero cha amai ao. Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo khutu lokulira pa kalankhulidwe kamodzi lidzabvutika ndithu.

Pofooka penapo mpakuya, ndipo ndi pamene wophunzira za zinenero za makolo ayenera kuimapo nthawi. Bukuli layang'anitsitsa pakamwa pa wolankhula, koma za khutu la womvera, ndi za chinenero chimene chinaumba khutulo, lanena pang'ono. Likamba za mlendo ngati kuti alendo onse ali ndi khutu limodzi, Mjapani ndi Mwarabu ndi Mchewa. Ichi nchodandaulitsa makamaka chifukwa Mai Brown sanali mlendo ku zinenero za mu Afrika: mu 1972 anatulutsa buku lonena za maliu a Lumasaaba, chinenero cha m'mphepete mwa phiri la Elgon ku Uganda, chimene chili pa ubale ndi Chichewa. Akadafuna, akadatha kuonetsa bwino lomwe chimene chichitika Chingerezi chikalowa m'khutu loleredwa ndi chinenero chotere.

Nchito imeneyi anadzaigwira ena pambuyo pake, makamaka Anne Cutler, amene anasonkhanitsa zofufuza zake m'buku lotchedwa Native Listening mu 2012. Mau olankhulidwa alibe mipata pakati pao monga mau olembedwa. Atuluka ngati chingwe chimodzi, ndipo womvera ayenera kudula yekha. Cutler ndi anzake anaonetsa kuti chinenero chilichonse chiphunzitsa ana ake podula pake. Mfalansa adula potsata maphatikizo. Mjapani adula tizigawo tochepa kuposa phatikizo. Mngerezi adula pamene amva phatikizo lotsindikidwa, ndipo salakwa kawirikawiri, pakuti Cutler ndi Carter anawerenga mu 1987 napeza kuti m'macheza a Chingerezi mau okhala ndi tanthauzo lao, monga maina ndi aneni, pafupifupi 9 mwa 10 ayamba ndi phatikizo lotsindikidwa. Chachikulu nchakuti munthu pomvetsera chinenero chachilendo atenga mpeni wa kwao nadula nawo, ngakhale pamene suyenera.

Nanga mpeni wa Mchewa udula pati? M'Chichewa phatikizo lolemera, limene litalika, ndi lachiwiri kuchokera ku mapeto, makamaka pamene wolankhula ali pafupi kupumira: aliyense atchule "kuphunzira" kapena "anyamata" adzamva yekha. Chotero kwa Mchewa phatikizo lolemera linena kuti liu lili pafupi kutha, pamene kwa Mngerezi linena kuti liu latsopano layamba. Nkoyenera kuganiza kuti makutu awiriwa, pomva chingwe chimodzi cha mau, sadzadula pamodzi.

Ndiponso phatikizo la Chichewa litha ndi vawelo. Umboni wake uli m'mau amene chinenerochi chinabwereka: "school" anakhala sukulu, "spoon" supuni, "store" sitolo, "fork" foloko, "bread" buledi. Paliponse pamene Chingerezi chinaunjika makonsonanti, lilime la Chichewa linalowetsapo vawelo kuti lipeze popuma, ndipo liu la phatikizo limodzi linatuluka ndi maphatikizo atatu. Tsono mwana amene m'mutu mwake liu lija lili su-ku-lu ayembekeza kugunda kutatu. Mngerezi agunda kamodzi napitirira, ndipo mwanayo sazindikira kuti liu limene alidziwa kuyambira ali wamng'ono langomdutsa. Makonsonanti a ku mapeto a liu ndiwo abvuta koposa, chifukwa khutu la Chichewa silinazolowere kufunafuna kanthu kumeneko. Koma Chingerezi chiika komweko zizindikiro za kuchuluka ndi za nthawi yapita, monga mu "books" ndi "asked". Chichewa chiika zotere kutsogolo, m'mawa mwa liu, monga mu a-na-pita ndi zi-patso. Chingerezi chiziika kumchira, kumene eni ake omwe amameza.

Za mavawelo nzodziwika kwa aphunzitsi ambiri, ngakhale ambiri aziyesa bvuto la katchulidwe kokha. Chichewa chili ndi mavawelo 5, ndiwo a, e, i, o, u, ndipo lililonse limveka bwino paliponse pamene lili. Chingerezi chimene Mai Brown afotokoza chili ndi mavawelo ngati 20, kuwerengera ndi ophatikizana. Mavawelo 20 akathiridwa m'madengu 5, ambiri agwera dengu limodzi: "ship" ndi "sheep", "full" ndi "fool", "cot", "caught" ndi "coat", "hat", "hut" ndi "heart". Pamwamba pa izo, vawelo lopezeka kawirikawiri koposa onse m'Chingerezi ndi lija lofooka la pa chiyambi cha "about" ndi pa mapeto a "teacher", limene Chichewa chilibe nkomwe. Za l ndi r nzachidule: m'Chichewa ali liu limodzi lobvala malaya awiri, r alembedwa pambuyo pa e ndi i, ndipo palibe mau awiri osiyana tanthauzo chifukwa cha iwo okha, m'Chingerezi "collect" ndi "correct" ndi malamulo awiri osiyana amene mphunzitsi apereka m'kalasi tsiku ndi tsiku.

Koma si zonse zili zotsutsana ndi Mchewa ai. Khutu lake nlakuthwa pa kukwera ndi kutsika kwa mau, pakuti ndi kumene kusiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika. Mphatso imeneyi ingofunika kuisonyeza nchito yatsopano. M'Chingerezi kukwera kwa mau sikusintha tanthauzo la liu, koma kusonyeza liu limene wolankhula afuna kuti ligwidwe, ndiponso kusonyeza malire a nkhani: mphunzitsi wa pa yunivesite poyamba mfundo yatsopano akweza mau, ndipo poitsiriza awatsitsa nafulumira. Zimenezi ndizo ndime za m'buku losaoneka. Mai Brown analongosola bwino nchito ya kukwera ndi kutsika kumeneku, nabwerezanso m'mabuku amene analemba pamodzi ndi George Yule mu 1983. Chimene sananene nchakuti ophunzira ena afika ali nacho kale chida chomvera zimenezi.

Pali kusamva kwina kumene sikuchokera ku maliu. Olsen ndi Huckin anafotokoza mu 1990 za ophunzira achilendo amene anamvetsera phunziro la uinjiniya ku America: ena anamva mau ake bwino, nalemba mfundo zambiri zoona, koma chimene mphunzitsi anali kutsimikiza sanachigwire. Anatola nyemba imodziimodzi osaona dengu. Chaudron ndi Richards anali ataonetsa kale mu 1986 kuti mau olozera njira, monga pamene mphunzitsi anena kuti tsopano alowa mfundo yachiwiri, kapena kuti abwerera ku zimene anayamba nazo, athandiza ophunzira kukumbukira phunziro. Buku la 1990 lapatsa malo okulirapo nkhani ya kumvetsa, ya kugwiritsa nchito zimene munthu adziwa kale ndi kuyembekezera zimene zili nkudza, ndipo lachita bwino kutero. Apanso mwana wa m'mudzi safika wopanda kanthu. Iye wakulira pa nthano, pamene womvera ayankha kuti "tili tonse" kusonyeza kuti sanataye ulusi. Waona pa bwalo nduna ikubwereza mlandu wonse mwachidule, wodandaula anati chakuti, woyankha anati chakuti, mfumu isanagamule. Kumeneko ndiko kumvetsera kofuna mutu wa nkhani, kumene yunivesite ifuna. Chachisoni nchakuti sukulu kawirikawiri isiya luso limeneli panja pa khomo pamodzi ndi chinenero chake.

Wina angafunse kuti zonsezi zimkhudza bwanji mphunzitsi wa Sitandade 2 kapena 5, amene ana ake ambiri sadzaona Edinburgh. Zimkhudza chifukwa kuongola mtengo mpoyamba, ndipo khutu liumbidwa m'makalasi ake. Ku Malawi maphunziro a sekondale ndi a yunivesite aperekedwa m'Chingerezi. Wophunzira akhoza kumva bwino aphunzitsi a kwao, popeza Chingerezi chao chigunda monga Chichewa, nadziyesa wokhoza kufikira tsiku limene afuna kukaphunzira kunja. Pamenepo akomana ndi mayeso onga IELTS, amene anayamba mu 1989, m'mene gawo la kumvetsera lili ndi mafunso 40, olankhula ali a maiko osiyana, ndipo mau amveka kamodzi kokha. Mwayi wa zaka zambiri ukhoza kutayika m'theka la ola.

Pa za kaphunzitsidwe bukuli lipereka uphungu wabwino, wakuti mwana ayambe ndi kalankhulidwe kachifatse koma asakhalitsepo, azitsogoleredwa pang'onopang'ono kufikira amva kalankhulidwe ka masiku onse. Kale chobvuta chinali kupeza mau ojambulidwa. Lero wailesi ndi foni ya m'manja zachepetsa bvutolo. Chotsala ndi chimene John Field anadzudzula mu 2008 m'buku lake Listening in the Language Classroom: kuti phunziro la kumvetsera m'sukulu zambiri si phunziro konse koma mayeso. Mphunzitsi awerenga nkhani, afunsa mafunso, achonga mayankho, nalemba malikisi; koma chifukwa chimene mwana walakwira sachidziwa, ndipo mawa mwanayo adzalakwa pomwepo. Field analangiza kubwerera ku lembetso lalifupi, chida chakale chimene ambiri anachinyoza, koma kuligwiritsa nchito monga sing'anga agwiritsira chopimira, osati monga woweruza.

Mwachitsanzo, mphunzitsi anene kamodzi, pa liwiro la masiku onse, chiganizo ichi: "I walked to the shop and bought a pair of shoes." Mwana wina adzalemba "I work to the shop and boat pay of shoes." Wochonga mwaulesi aona zolakwa zinai kapena zisanu nadula mzere wofiira. Wodziwa Chichewa ndi Chingerezi aona kuti zolakwazo si za mtundu umodzi. "Boat" m'malo mwa "bought" ndi mavawelo awiri ogwera m'dengu la o, ndipo mankhwala ake ndi kumvetsera mau awiriawiri otere kufikira khutu liwalekanitsa. "Work" m'malo mwa "walk" si kulakwa kwa khutu ai: mwanayo wamva o bwino lomwe, nafuna liu lolembedwa ndi o, wamnyenga ndi kalembedwe. Kamau "a" katayika chifukwa ndi vawelo lofooka lija. "Pay of" wabadwa chifukwa r wa "pair" analumphira ku "of", mwana nadula chingwe polakwika. Ndipo chizindikiro cha nthawi yapita mu "walked to" chamezedwa ndi t wotsatira, kotero kuti ngakhale Mngerezi sachimva kawirikawiri. Iye achidziwa pobwerera m'mbuyo atamva "bought". Apa mwana sayenera kuuzidwa kuti atchere khutu kwambiri, pakuti palibe choti amve. Ayenera kusonyezedwa kuti mneni wachiwiri ndiye aulula nthawi ya woyamba, ndipo mphunzitsi anenenso chiganizocho pa liwiro lomwelo kuti mwanayo ayese yekha.